Nyumba za ku Bo-Kaap Akuzifuna, Eni Ake Sakuwafuna

Mu Novembala 2018 chigalimoto chonyamula kireni chidanyamuka pakati pa mzinda wa Cape Town kukwera mtunda wopita ku Bo-Kaap, dera la nyumba zakale lomwe lidatsamira phiri la Signal Hill. Kireniyo inkapita ku msewu wa Lion, kumene kampani ina inkamanga mafulati odula. Anthu a m'deralo, agogo ndi zidzukulu zawo, adatuluka nkutseka msewu ndi matupi awo. Kampaniyo idali itakatenga kale chiletso ku khothi choti eni dera asasokoneze ntchito. Apolisi adaponya mabomba aphokoso obalalitsira anthu, ena nkuwakwizinga unyolo. Anthu amene mabanja awo akhala akuyenda m'misewu imeneyo kwa zaka zoposa 200 adasanduka opalamula pakhomo pawo pomwe.

Pamapepala zonse zidali m'malo mwake. Malo adagulidwa, mapulani adadindidwa ku khonsolo, woweruza adasayina. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya Bo-Kaap. Palibe amene akubwera usiku ndi nkhwangwa. Akubwera dzuwa likuswa mtengo, atatsagana ndi maloya, ndipo chimene akuchita akuchitcha chitukuko. Ine ndikuti ndi kulanda, ndipo olandidwawo ndi anthu amene adalandidwapo kale kambirimbiri.

Nyumba zoyamba za ku Bo-Kaap zidamangidwa m'zaka za m'ma 1760, pamene Jan de Waal adagula malo m'munsi mwa phirilo nkumangapo tinyumba ta lendi. Imodzi mwa nyumba zake ilipobe pa msewu wa Wale, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya deralo. Amene adadzaza derali pang'ono ndi pang'ono adali amisiri a manja: omanga, akalipentala, atelala, osoka nsapato, asodzi, amayi ochapa ndi ophika. Ambiri adali akapolo omasulidwa kapena ana a akapolo amene Adatchi adawatenga ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Sri Lanka, ku Madagascar ndi ku Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, akapolowo adaumirizidwa kugwirirabe ntchito ambuye awo mpaka 1838, ndipo atamasukadi, ambiri adakwera mtunda kudzafuna pogona ku Bo-Kaap. Manja awo ndiwo adamanga nyumba zambiri zokongola zimene Cape Town imanyadira lero. Kudera kwawoko adamanga zing'onozing'ono, zogundana khoma ndi khoma, khonde lililonse litayang'ana kumsewu.

Tisaone ngati mbiri imeneyi ili kutali nafe. Mu Disembala 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José idachoka ku Mozambique itanyamula akapolo oposa 400 kupita nawo ku Brazil, nkusweka pa miyala pafupi ndi Cape Town. Anthu pafupifupi 200 adamira, opulumuka adagulitsidwa komweko. Madoko a ku Mozambique ankalandira anthu ogwidwa kumtunda, m'chigwa cha Zambezi mpaka madera a kunyanja. Ena mwa anthu amene magazi awo adasakanikira mwa anthu a ku Cape adachokera kufupi ndi kwathu kuno.

M'chaka chomwecho cha 1794 mzikiti wa Auwal udakhazikitsidwa pa msewu wa Dorp, mzikiti woyamba m'dziko lonse la South Africa. Malo ake adali a banja la Coridon van Ceylon, kapolo womasulidwa, ndipo mwana wake wamkazi Saartjie van de Kaap ndiye dzina lake limakumbukiridwa pa malowo. Imamu woyamba adali Tuan Guru, mwana wa banja lachifumu la ku Tidore, amene Adatchi adamuthamangitsira ku Cape mu 1780 nkumutsekera ku Robben Island. Ali m'ndende adalemba Qur'an kuchokera pamtima, popanda buku loonera. Atatuluka adatsegula madrasa, kumene ana a akapolo ankaphunzira kuwerenga panthawi imene chipembedzo chawo sichinkaloledwa poyera. M'masukulu otere ndi momwe chilankhulo cha Afrikaans chidalembedwa ndi zilembo za Chiarabu, chikadali chilankhulo chonyozeka cha kukhitchini ndi kudoko. Tuan Guru adaikidwa ku manda a Tana Baru, pamwamba pa deralo, malo amene Asilamu adapatsidwa mu 1805.

Mandawa adayambitsa nkhondo yoyamba ya anthu a ku Bo-Kaap yotetezera malo awo. Mu Janyuwale 1886 boma lidatseka Tana Baru ponena za ukhondo, nkuloza manda ena ku Maitland. Mwambo wa Asilamu unali wonyamula jeneza pamapewa kuchokera kunyumba mpaka kumanda, ndipo ku Maitland kudali kotalika kuti anthu ayende wapansi ndi maliro. Patangopita masiku ochepa, Asilamu pafupifupi 3,000 adanyamula maliro a mwana nkukamuika ku Tana Baru lamulo likuletsa. Mtsogoleri wawo Abdol Burns adaimbidwa mlandu. Choncho amene adaima patsogolo pa kireni mu 2018 sadayambe chachilendo. Adachita zimene azigogo awo adachita.

Ulamuliro wa tsankho utabwera ndi lamulo la Group Areas Act la 1950, madera a anthu osakhala azungu omwe adali pafupi ndi pakati pa mzinda adawerengedwa ngati zinyalala zoyenera kusesa. Pa 11 Febuluwale 1966 dera la District Six, lomwe lili tsidya lina la mzinda, lidalengezedwa kuti ndi la azungu okha. Makatapila adalowa, ndipo anthu pafupifupi 60,000 adasamutsidwira ku mchenga wa Cape Flats, ku Manenberg, Hanover Park, Bonteheuwel ndi kwina. Makatapilawo adasiya matchalitchi ndi mizikiti itaima pabwalo. Mpaka lero gawo lalikulu la malowo ndi thengo, ndipo ambiri mwa amene adalonjezedwa kubwerera adamwalira akudikira. Bo-Kaap idapulumuka chifukwa boma lidailengeza mu 1957 kuti ndi dera la anthu amene linkawatcha Amalay. Chipulumutso chimenecho chidali ndi poizoni wake, pakuti anansi ena, Akhristu, Amwenye ndi anthu akuda omwe ankakhala komweko, adachotsedwa. Komabe derali lidatsala, ndipo ndi limodzi mwa madera ochepa kwambiri pakati pa Cape Town kumene mabanja osakhala azungu sadazulidwe.

Chimene makatapila a tsankho adachilephera, ndalama ikuchikwanitsa mu nthawi ya ufulu. Tione mmene zimayendera, chifukwa nkhanza zake zimabisala m'masamu.

Msonkho wa nyumba ku Cape Town umawerengedwa potengera mtengo umene nyumbayo ingagulidwe pamsika. Bo-Kaap ili pamalo amene aliyense angasirire: ukatsika pang'ono wafika m'maofesi, ukatembenuka ukuona Table Mountain, ndipo kudoko sikutali. Munthu wachuma wa ku Johannesburg kapena ku Ulaya akagula nyumba imodzi ndi mamiliyoni a marandi, khonsolo ikadzayeza mitengo, nyumba zonse za mumsewu umenewo zimakwera. Gogo amene adabadwira m'nyumba yoyandikana nayo, amene akudalira penishoni, sadawonjezepo njerwa ngakhale imodzi. Denga ndi lomwe lija, mipope ndi yomwe ija. Koma papepala wasanduka mpondamatiki, ndipo bilu yake yakwera. Akalephera kulipira mwezi uno, wamawa chiwongoladzanja chawonjezeka. Ndiye kumabwera madobadoba a nyumba, akumwetulira, ali ndi mtengo umene banjalo silidauonepo chibadwire. Mwini nyumba akamwalira nkusiya ana asanu, palibe mmodzi mwa iwo amene angathe kugula magawo a abale ake pa mtengo watsopanowo, ndipo nyumba ya makolo imapita kwa amene wapereka zambiri. A lendi ndiwo amachoka msanga, chifukwa mwini nyumba amaona kuti chipinda chimene banja limalipira pamwezi chingabweretse ndalama yomweyo m'masiku ochepa chikaikidwa pa Airbnb.

Ochokawo amapita kuti? Ndalama ya nyumba ikagawidwa pakati pa abale, gawo la aliyense silingagule kanthu pakati pa mzinda. Amatsikira ku Cape Flats komwe kuja, kumene anthu a ku District Six adatayidwa. Ulendo ndi womwewo, kopita ndi komweko. Kusiyana kwake nkwakuti wa 1966 adakwezedwa pa lole akulira ndipo dziko lonse lidaona, pomwe wa lero amasayina yekha, nkuuzidwa kuti wachita mwayi.

Sindikuloza chala banja limene lagulitsa. Munthu amene ngongole yamufika m'khosi, ana akufuna fizi, sangaimbidwe mlandu wosakonda kwawo. Chala changa chili pa amene adakonza zinthu kuti kugulitsa kukhale njira yokhayo yotsala, ndi pa amene amadyerera kutsala kwa njira imodziyo.

Taonani chimene amalonda a nyumba amatsatsa akamagulitsa fulati ku Bo-Kaap. Amaonetsa makoma a utoto wowala, misewu yoyalidwa miyala, nsanja za mizikiti, fungo la zokometsera ndiwo lochokera m'sitolo ya Atlas yomwe yakhala ikugulitsa kuyambira 1946, timandasi totchedwa makoesister ta Lamulungu m'mawa, magulu oimba amene amadzaza misewu pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Zonsezi sizidapangidwe ndi kampani iliyonse. Adazipanga ndi anthu osauka, mibadwo ndi mibadwo, pa nthawi imene khonsolo inkatcha dera lawo chisakasa choyenera kugwetsa. Mtengo wa fulatiyo wakwera chifukwa cha moyo wa anthu amenewa, ndipo mtengo womwewo ndi umene ukuwachotsa. Zili ngati mlendo amene wayamikira ndiwo, wanyambita mbale, kenako nkupirikitsa wophika kuti khitchini ikhale yake. Phindu la thukuta la mibadwo isanu ndi iwiri likulowa m'thumba la munthu amene wafika dzulo, ndipo eni thukutawo akulandira bilu.

Pali zimene oikira kumbuyo zomangamangazi amanena, ndipo ziyenera kuyankhidwa. Amati mzinda ukukula, anthu akufuna pogona, sungaumitse dera lonse ngati chithunzi. Zoona, Cape Town ili ndi vuto lalikulu la nyumba. Koma funsani kuti mafulati a pa msewu wa Lion ankamangira yani. Mayi amene amadzuka mbandakucha ku Khayelitsha kudzakolopa m'maofesi sangalowemo. Mmalawi amene amagwira ntchito m'dimba la bwana ku Camps Bay nkumagona m'chisakasa kutali sangalowemo. Akadakhala kuti akuluakulu a mzinda vuto la nyumba za osauka limawasowetsa tulo, bwenzi boma la chigawo cha Western Cape lisadagulitse malo a sukulu yakale ya Tafelberg ku Sea Point kwa sukulu yomwe si ya boma pa mtengo wa R135 miliyoni, pomwe magulu a Reclaim the City ndi Ndifuna Ukwazi ankapempha kuti pamangidwe nyumba zotsika mtengo. Nkhani imeneyo yatha zaka m'makhothi. Kusowa nyumba kwa osauka kumakumbukiridwa pokhapokha pakafunika chifukwa chomangira olemera.

Amatinso eni Bo-Kaap akufuna kudzitsekera okha, ndipo kumeneko nkubwezeretsa tsankho. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo pakadakhala wina wofuna kuti deralo likhale la mtundu umodzi mwa lamulo, ndikadamudzudzula chimodzimodzi. Koma chimene anthuwa akukana si mnansi watsopano. Akukana kugulidwa onse mpaka pasatsale wowalandira alendowo. Akukananso mlendo amene amafika nkuyamba kulamula. Mu 2019 mzikiti wa Zeenatul Islam pa msewu wa Muir ku District Six, umene udapulumuka makatapila, udakasumiridwa ku khonsolo kuti azana yake, kuitanira anthu ku mapemphero, ndi phokoso. Mzikitiwo wakhalapo zaka zoposa 100. Anthu a ku Bo-Kaap, omwe ali ndi mizikiti ingapo m'kadera kakang'ono, adamva nkhaniyo nkudziwa chimene chikuwadikira anansi akale akadzatha.

Anthuwa sadakhale chete. Bungwe lawo la Bo-Kaap Civic and Ratepayers Association lakhala likulemba makalata, kukana mapulani ndi kupita ku khothi kwa zaka zambiri. Mu 2016 bungwe la World Monuments Fund lidaika Bo-Kaap pa mndandanda wa malo a mbiri amene ali pachiopsezo. M'mwezi wa Ramadan mu 2018 achinyamata adatopa ndi makalata, adawotcha matayala m'misewu yolowera m'deralo. Kenako kudachitika chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Dzuwa litapendeka, anthu adatseka msewu wa Wale, adayala nsalu zazitali pa phula, nyumba iliyonse idatulutsa chimene idaphika, ndipo adamasula swaumu limodzi, mwambo umene iwo amautcha boeka. Adaitana aliyense, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, wodutsa ndi njira yemwe. Msewu umene mabasi a alendo amaimapo tsiku ndi tsiku udabwerera kwa eni ake, ndipo mzinda wonse udaona kuti kuseri kwa utoto kuja kumakhala anthu.

M'chaka chomwecho zidamveka kuti zigawo ziwiri za malo a manda a Tana Baru zaikidwa pa okushoni. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti kumanda sudulako mtengo popanda chilolezo cha mfumu, nanji kuyezako mapuloti. Kumeneko kudapezeka anthu amene adayang'ana pamene pagona Tuan Guru nkuona malo abwino omangapo nyumba zoyang'ana kunyanja. Anthu adakuwa mpaka okushoniyo idalephereka. Koma kungoti maganizo otere adafika pokhala ndi tsiku ndi malo ogulitsira, zikuonetsa pamene dyera lafika.

Ku khothi sizidawayendere bwino nthawi zonse. Adalimbana ndi chinyumba cha mamita pafupifupi 60 kutalika chimene chidavomerezedwa kumangidwa pakati pa misewu ya Buitengracht ndi Rose, m'malire mwenimweni mwa dera la nyumba za nsanjika imodzi kapena ziwiri. Bungwe la boma loona za malo a mbiri m'chigawocho, Heritage Western Cape, nalonso lidachikana. Khonsolo idavomerabe. Mlandu udakafika ku Supreme Court of Appeal, ndipo mu Malichi 2020 eni dera adagonja. Khothi silinkaweruza ngati chinyumbacho nchabwino kwa anthu. Linkangoona ngati khonsolo idatsata ndondomeko yake. Udindo wonse ukubwerera kwa amene adadinda chidindo, amene adamva madandaulo a anthu ndi chenjezo la akatswiri nkusankha mbali ya wamalonda.

Zina adapambana. Mu Malichi 2019 khonsolo ya mzinda idavomereza kuti Bo-Kaap ikhale dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, kotero kuti wofuna kugwetsa kapena kusintha nyumba ayenera kupeza chilolezo chapadera. Ganizo limeneli lidali litakonzedwa kale cha m'ma 2015 nkungokhala m'madilowa, ndipo zaka zimene lidagonazo ndi zimene mapulani akuluakulu ankadutsa. M'chaka chomwecho cha 2019 boma lidalengeza malo 19 a m'deralo, kuphatikizapo mzikiti wa Auwal ndi manda a Tana Baru, kukhala malo a mbiri ya dziko. Zonsezi zidachitika chisankho cha mu Meyi 2019 chili pafupi, matayala atapsa kale, agogo atathamangitsidwa kale ndi mabomba. Palibe wandale amene ayenera kudziguguda pachifuwa pa zimenezi. Adazikoka m'manja mwawo ndi anthu a m'misewu ija.

Ndipo chitetezo chimenechi chili ndi malire amene andale sakonda kuwatchula. Chimateteza khoma, zenera, khonde ndi kutalika kwa denga. Sichinena kanthu za amene akugona mkatimo. Nyumba ikhoza kusunga maonekedwe ake onse a zaka 200, nkukhala ndi kabokosi ka makiyi pakhomo, alendo akusinthana masiku atatu aliwonse. Kukonza nyumba yakale motsata malamulo a mbiri kumafunanso ndalama zimene wolemera ali nazo ndipo wa penishoni alibe. Lamulo lomwe lidabwera chifukwa cha kulira kwa eni dera likhoza kukongoletsa deralo nkuwonjezera mtengo umene ukuwachotsa. Zikadzatero, mizikiti idzatsala yopakidwa bwino koma yopanda odzaza mizere m'mapemphero a m'bandakucha, monga idatsalira ya ku District Six.

Nawo alendo odzaona malo ali ndi gawo lawo, ndipo ena mwa iwo ndife. Mabasi amaima m'timisewu topapatiza, anthu amatsika, amakwera pakhonde la munthu osaodira, amajambulitsa atatsamira chitseko chake, nkubwerera m'basi. Zithunzizo zikafika pa Instagram zimakhala ngati zotsatsa malonda za ulere kwa ogulitsa nyumba. Ndalama ya ulendowo yalipiridwa ku kampani ya kumunsi kwa mzinda. Munthu woleredwa bwino salowa pabwalo la eni osapereka moni, ndipo ukakhala pa ulendo ulemu umenewo susiyidwa kunyumba. Alipo ana a m'deralo amene amaperekeza alendo, alipo amayi amene amaphunzitsa kuphika m'makhitchini mwawo. Wofuna kuona Bo-Kaap apite kwa amenewo.

Koma mlandu waukulu uli ndi khonsolo ya Cape Town, chifukwa cholembera chimene chimawerengera msonkho chili m'manja mwake. Khonsoloyo ili ndi ndondomeko yochepetsera msonkho okalamba ndi ovutika, koma imeneyo imayang'ana ndalama zimene munthu amapeza, siyang'ana kuti banjalo lakhala pamalopo mibadwo ingati. Palibe chimene chingailetse kukonza kuti banja limene likukhala m'nyumba ya makolo ake ku Bo-Kaap lisakwezeredwe msonkho chifukwa cha mtengo umene mlendo walipira khomo loyandikana nalo. Ikhoza kuika malire pa chiwerengero cha nyumba zimene zimasanduka malo ogona alendo. Ikhoza kutenga malo a boma amene ali m'deralo ndi m'mbali mwake nkumangapo nyumba za lendi yotsika, ana a ku Bo-Kaap okwatira kumene nkukhala oyamba pamzere. Ikhoza kufunsa eni dera pulani isadadindidwe, m'malo mokumana nawo kireni ili kale pamsewu. Mu 1957 boma lidatha kulemba lamulo losankha amene akhale ku Bo-Kaap potengera khungu ndi chipembedzo. Boma losankhidwa ndi anthu lisatiuze kuti lilibe mphamvu yolemba lamulo loti mayi wamasiye wa pa msewu wa Chiappini asachotsedwe m'nyumba yake ndi bilu ya msonkho.